Ndemanga yanga pa uphungu wa pa WhatsApp umene ndakhala ndikulipira, kwa anzanga a m'zipatala za kuno ku Angónia

Ku Tete mu mzinda kuli mayi wina psicóloga, katswiri wa uphungu wa za maganizo, amene amalandira anthu ogwira ntchito zaumoyo pa WhatsApp, madzulo ndi Loweruka, ndipo ine ndakhala kasitomala wawo kwa miyezi ndithu. Dzina sinditchula chifukwa sanandiuze kuti ndiwatsatsire malonda, komanso zina zomwe ndinene pano ndi zodandaula nde sibwino kumata munthu dzina pagulu. Amene timadziwana mukudziwa kondipeza. Kunena mwachidule ndalama zanga sizinapite pachabe, ndikanati ndiyambirenso ndikanalipiranso, koma pali zinthu zondipweteka mtima pa sevisi imeneyi ndipo ndizinena zonse, chifukwa ndikudziwa kuti pali makolega ambiri ku Tsangano, ku Dómuè, ku Furancungo uko amene atopa ngati mmene ndinatopera ine ndipo akufunsana chamseri kuti kodi zolankhula ndi munthu pa foni zimathandizadi kapena ndi zongodyera anthu ndalama.

Ine ndine dotolo wa kilinika jerali, ndinaphunzira ku Tete konkuno, ndimagwira pa chipatala china cha boma m'boma la Angónia. Pa pepala sindine dokotala wa banja koma ntchito yake ndi yomweyo basi. Agogo a BP ndi anga, mdzukulu wawo wa malungo ndi wanga, mpongozi wawo woyembekezera amadutsa kwa anamwino kenako akavuta amabwera kwa ine, mwana wawo wamwamuna amatenga ma ARV pakhomo lomwelo. Banja lonse mafisha awo ndimawadziwa pamtima. Ndipo anthu omwewo ndi amene ndimakumana nawo ku tchalitchi, pa msika pogula mbatatesi, pa maliro. Ichi ndi chimene anzathu a m'zipatala zikuluzikulu sachimvetsa, iwo wodwala akamwalira amalemba pepala nkupita kwawo, ife mawa lake timakhala pa siwa pomwepo ndipo mayi ake a malemu amatipatsa moni ndi manja awiri kuti mwayesetsa adokotala, pomwe iwe mumtima ukudziwa kuti akanakhala kuti ambulansi inalipo kapena magazi analipo mwina bwenzi nkhani ili ina.

Kutopa kwanga sikunabwere tsiku limodzi. Amene munali m'chigawo chino mu 2022 mukukumbukira, Januwale chimphepo cha Ana chinagumula mlatho wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, mwezi wa Meyi kunalengezedwa poliyo ku Changara patangopita miyezi yochepa atamupeza ku Lilongwe, nde makampeni a katemera anangotsatizana, khomo ndi khomo, ndipo bisha, mzere wa odwala pa chipatala, sinachepe chifukwa choti anthu ena apita ku kampeni. Tisanapume kolera inalowa mbali zonse ziwiri za malire, kuno ndi ku Malawi. Pamwamba pake nkhani ya TSU, ndondomeko ya malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi ma ora owonjezera, gereve ya madokotala ya Disembala 2022 ndi ina ya Julayi 2023, kaya unalowa nawo kaya sunalowe mtima sunali m'malo. Zonsezi zinapita koma thupi langa silinabwerere pomwe linali. Ndinayamba kulemba reseita wodwala asanamalize kufotokoza. Mayi akulankhula za mwana wake ine maso ali pa khomo kuwerenga kuti atsala angati. Foni ikalira usiku mtima umagunda mpaka m'makutu olo ali mlongo wanga akungopereka moni. Lamlungu madzulo mutu umayamba kupweteka wokha. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi tsiku lomwe mwana anamwalira m'manja mwathu ndipo ine sindinamve kalikonse, ndinangosamba m'manja nkuitana wotsatira. Mkazi wanga ndi amene ananena kuti bambo a mwana, inu simuli bwino, mukumakhala nafe koma simuli pano. Nambala ya psicóloga uja anandipatsa kolega wina wa ku Moatize.

Kachitidwe kake ndi kophweka. Umalemba meseji, amakuyankha tsiku lomwelo kapena mawa lake, mumagwirizana ora, umatumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola nthawi isanakwane, kenako iwo ndi amene amayimba. Ine ndimalipira 1,000 meticais pa ulendo umodzi wa mphindi 50, ndipo mphindi 50 zake zimakwanadi, samakudula pakati kuti ali ndi wina. Kusunga nthawi ndiwayamikire, akati 19 koloko foni imalira 19 koloko.

Ulendo woyamba sanayambe ndi malangizo, anandisiya ndilankhule, kenako anandifunsa mafunso a mitundu iwiri. Oyamba ndi aja 9 a PHQ-9 ofufuza matenda a kukhumudwa, omwe ifenso timawadziwa koma sindinaganizepo kuti tsiku lina adzafunsidwa kwa ine, kuphatikiza funso lomaliza lija loti kodi umaganizapo kuti bola kufa. Anafunsa mosazungulira ndipo anadikira yankho. Achiwiri ndi mafunso 22 a Christina Maslach, aja anatuluka mu 1981, oyeza burnout. Atamaliza anandifotokozera bwinobwino kuti WHO mu 2019 inaika burnout mu ICD-11, buku lawo la mndandanda wa matenda, osati ngati matenda koma ngati vuto lochokera ku ntchito, sitiresi ya kuntchito yomwe yakhalitsa osathetsedwa, ndipo ili ndi mbali zitatu, kutheratu mphamvu, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka kuyamba kuona odwala ngati chokhumudwitsa, ndi kudziona kuti palibe chimene ukuphula. Ine ziwiri zoyambazo zinali pamwamba kwambiri. Ananenanso kuti amene anayamba kulemba za vutoli mu 1974, Herbert Freudenberger, analiona pa anthu odzipereka pa kiliniki yaulere ku New York, anthu amene anayamba ntchito ndi mtima wonse. Izi zinandikhazika mtima pansi kuposa mmene ndimayembekezera, chifukwa ine ndinali nditayamba kukhulupirira kuti ndasanduka munthu woipa mtima, kuti mwina udokotala sunali maitanidwe anga.

Apa nde pomwe ndimati mayiwa ntchito amaidziwa. Ndimaopa kuti andiuza zopuma mpweya mozama ndi kumwa madzi ambiri basi nkutenga 1,000 yanga. Zopuma mpweya anandiphunzitsadi ndipo zimathandiza pa mphindi ziwiri zija pakati pa wodwala ndi wodwala, koma ananena poyera kuti zimenezo sizichiza. Mawu awo, ndikuwamasulira kuchoka m'Chipwitikizi, anati: "Adokotala, ine sindingakuwonjezereni namwino, sindingakulipireni ma ora anu. Ndikakuuzani kuti vuto lonse lili m'mutu mwanu ndakunamizani. Tiyeni tione zomwe zili m'manja mwanu, zotsalazo tizitchule dzina lake kuti musiye kudziimba nazo mlandu." Ndinawafunsa kuti Dotora, nanga zomwe sizili m'manja mwanga zikapitirira kundidya? Anati pamenepo tidzakambirana za transferensiya kapena feriya yaitali, ndipo kuganiza zimenezo si kuthawa odwala. Palibe munthu anandiuzapo zimenezi chiyambire ntchito.

Nde tinayamba kusanthula sabata yanga ola ndi ola. Chinthu choyamba chimene anachigwira ndi khomo la kunyumba. Ine ndimakhala pafupi ndi chipatala, ndipo anthu anazolowera kugogoda, 5 koloko m'mawa, 21 koloko usiku, wina ndi chifuwa cha masabata awiri, wina akufuna ndimuonere zotsatira za labu, wina wangobwera ndi nkhuku kuti mawa asakhale pa bisha. Kwathu kuno munthu wafika pakhomo sumubweza, umamupatsa mpando, nde kukana kumaoneka ngati kudzikuza, amati waphunzira wayiwala kwawo. Psicóloga uja sanandiuze kuti ndizitseka geti ayi. Anandifunsa kuti ndani m'mudzimo amene mawu ake amamveka, ndipo tinagwirizana kuti ndikalankhule ndi a mfumu komanso a komiti ya zaumoyo kuti iwo ndi amene auze anthu, wodwala mwadzidzidzi apite ku banko, chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, komwe kuli wa pikete, amene ali pa ntchito nthawi imeneyo, ndipo wa piketeyo akaona kuti zavuta ndi amene ayitane dotolo. Ndinapita kwa a mfumu ndi ulemu wonse, ndinati Gogo Chalo, ndikagona bwino ana anu ndiziwaona bwino, ndithandizeni. Anamva, analengeza pa msonkhano. Kugogoda sikunathe koma kunachepa kwambiri, ndipo amene amabwerabe ndimawalandira, kuwapatsa moni wonse, kenako nkuwaperekeza ku banko osatsegula kabuku pakhonde. Zimenezi zokha zinandibwezera tulo.

Chachiwiri chinali chovuta kuchinena ndipo ndikuchilemba pano chifukwa ndikudziwa kuti sindili ndekha. Anandifunsa kuti ndikalephera kugona ndimatani. Ife a zaumoyo farimasiya ili pafupi, diazepam timamudziwa, ndipo mowa wa madzulo kuti mutu uzime ndi chinthu chofala pakati pathu kuposa mmene timavomerezera. Sanandiweruze, sanadabwe, anangofunsa kuti kangati ndipo kuyambira liti, kenako anati nkhani ya mankhwala iyenera kuonedwa ndi dokotala wina osati ine mwini, chifukwa dokotala wodzilembera yekha alibe womuuza kuti basi pakwana. Anandikumbutsa zomwe ndimauza odwala anga, kuti mankhwala amenewa thupi limawazolowera ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi ngati wawamwa nthawi yaitali. Makolega, ngati pali chifukwa chimodzi chokha cholipirira munthu wakunja ndi chimenechi, kuti pakhale wina amene angakufunse funso limenelo mosazungulira ndipo sudzakumana naye mawa pa lipoti la m'mawa.

Za chikhulupiriro anazilemekeza. Nditanena kuti kwaya ya Lachitatu ndi malo okhawo amene palibe amandifunsa za matenda, anati imeneyo isaphonyedwe, ilembedwe pa ndandanda ngati mmene ndimalembera pikete. Za abale opempha ndalama, fizi ya mwana wa achimwene, feteleza wa amalume, zonse zogwera pa iwe chifukwa ndiwe dotolo wa pabanja, tinazikambanso ngakhale pamenepo sitinapeze yankho lenileni, tinangofika poti ine ndi mkazi wanga tiziika malire a mwezi limodzi kuti ndisamayankhe ndekha pa foni nditatopa.

Mbali imene inandidabwitsa ndi yoti amadziwa kayendedwe ka chipatala cha boma, zikuoneka kuti anagwirapo. Anandifunsa kuti pa anthu a pa bisha yanga ndi angati amene akufunikadi dotolo. Nditaganiza ndinaona kuti ambiri ndi anthu a ma ARV amene ali bwinobwino, akumwa mankhwala mokhulupirika, angobwera kudzatenga ena. Chonsecho njira ya GAAC inabadwira kuno ku Tete mu 2008, a bungwe la madokotala la MSF ndi a zaumoyo a chigawo chino, magulu a anthu osapitirira 6 kumasinthana, mmodzi kupita kukatengera anzake onse, ndipo mayiko ena anadzatengera kwa ife. Palinso zopereka mankhwala a miyezi itatu kwa amene ali bwino. Zonsezi timazidziwa, zili m'malamulo a ntchito, koma munthu ukatopa umasiya kuganiza zokonza, umangokankha tsiku kuti lithe. Tinakhala pansi ndi anamwino ndi atekiniko, tinaonanso mafisha mmodzimmodzi, amene akuyenera kulowa m'magulu tinawalimbikitsa, tiriyaje ya m'mawa, kusankhula odwala pofika, tinaikonza kuti ana otentha thupi ayezedwe malungo asanafike kwa ine, ndipo ma APE, azaumoyo a m'midzi, tinawakumbutsa zomwe angamalize okha konko. Bisha ikadalipo, nyengo ya mvula malungo akabuka imafika mpaka pa mtengo wa mango, koma masiku wamba ndimatha kudya nsima masana nditakhala pansi. Psicóloga sanachite zimenezi, tinachita ndife, koma funso linachokera kwa iwo.

Anandiuzanso za magulu a Balint, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna makolega muchimve ngakhale simudzalipira aliyense. Michael Balint anali dokotala wochokera ku Hungary amene m'zaka za m'ma 1950 ku London anayamba kusonkhanitsa madokotala a mabanja, osati kudzakambirana za mulingo wa mankhwala ayi, koma za wodwala uja amene umapita naye kunyumba m'mutu, amene wakukwiyitsa, amene ukumuopa, amene unalephera kumuuza zoona. Mmodzi amafotokoza, osatchula dzina la wodwala, kenako amakhala chete anzake nkumakambirana zomwe amva, palibe kupatsana mamakisi, palibe shefi wolemba lipoti. Ife tayamba kathu kakang'ono, ine, atekiniko awiri ndi namwino wa azimayi mmodzi, timakumana kamodzi pa mwezi kunyumba kwa mmodzi wa ife ndi tiyi ndi chinangwa. Sitikutsata ndondomeko yake yonse chifukwa tilibe wotsogolera wophunzira zimenezo, koma tsiku loyamba namwino uja anafotokoza za mayi amene anataya magazi pa njira yopita ku Ulónguè zaka zapitazo, nkhani imene anali asanauzepo munthu, ndipo tonse tinalira. Tagwira limodzi nthawi yaitali koma sindimadziwa kuti akusenza zimenezo.

Tsopano zodandaula, ndipo si zazing'ono.

Chiyankhulo. Zonse zimachitika m'Chipwitikizi. Mayiwa amamva Chinyungwe pang'ono koma Chichewa ayi. Kwa ine Chipwitikizi ndi chiyankhulo cha ntchito, cha lipoti, cha mayeso, nde ndikamafotokoza zowawa m'Chipwitikizi zimatuluka ngati ndikupereka kezi ya wodwala wina, zaudongo, zopanda magazi. Nthawi zina pakati pa nkhani mtima ukadzaza ndimapezeka ndalowa m'Chichewa ndipo ndimayenera kubwerera kukamasulira, pomasulirapo chija chimafuna kutuluka chabwerera mkati. Iwo amapirira, amati nenani kaye m'chiyankhulo chanu kenako mundiuze, koma si chimodzimodzi. Kwa namwino kapena servente amene Chipwitikizi chake ndi cha pantchito basi, ndikukayika ngati angapindule mofanana. Chigawo chonse cha kumtunda kuno, Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, timalankhula Chichewa, ndipo zikundiwawa kuti munthu wa luso ngati ili wolankhula chathu sindinamupeze.

Mtengo. 1,000 pa ulendo, ukamachita kawiri pa mwezi ndi 2,000, kuwonjezapo mamega chifukwa vidiyo imadya. Kwa dotolo ndi zotheka ngakhale zimapweteka, kwa tekiniko kapena namwino amene ali ndi ana kusukulu ndi ndalama ya thumba la feteleza imene akuichotsa pakamwa pa banja. Ndipo amene atopa kwambiri m'zipatala zathu nthawi zambiri ndi iwowo, namwino wa azimayi amene ali yekha pa mateniti usiku ndi usana. Ndikudziwa kuti mayiwa nawonso ayenera kudya, ndipo poyerekeza ndi kukwera shapa makilomita oposa 200 kupita ku Tete, kulipira pogona, kupsa ndi dzuwa la kumeneko nkubwerera, foni ndi yotchipa kutali. Komabe mtengo umodzi kwa aliyense si chilungamo. Ndinawauza, anati aganizira.

Lamulo lawo losintha nthawi nalonso silikugwirizana ndi ntchito yathu. Amafuna uwadziwitse tsiku lathunthu nthawi isanakwane, apo ayi theka la ndalama lapita. Koma ngozi ya njinga yamoto sidziwitsa, mayi woyembekezera wokomoka ndi BP sadziwitsa. Zinandichitikira, ora itakwana ine ndili ku banko ndi munthu wothyoka mwendo, theka linapita. Nditadandaula anandibwezera pa ulendo wotsatira mwaulemu, koma lamulolo likadalipo, ndipo sevisi yoti ndi ya anthu a zaumoyo imayenera kudziwa zimenezi kuyambira pachiyambi osadikira kuti munthu achite kupempha.

Netiweki si mlandu wawo koma imawononga. Uli pakati pofotokoza chinthu chimene wachisunga chaka chonse, chithunzi chaima, mawu aduka, ukabwerera akufunsa kuti munati bwanji. Magetsi akazima nde basi. Tinapeza kuti kuzimitsa vidiyo nkusiya mawu okha kumathandiza, ndipo kwa ine kulankhula osaonedwa nkhope kunali kosavuta. Vuto lina ndi malo. Nyumba zathu makoma ndi opyapyala, ana ali pabalaza, alamu ali kukhitchini, ku chipatala nako khoma lili ndi makutu. Ine ndimakalankhulira m'galimoto ya mnzanga nditatseka mawindo, nyengo yozizira ya Juni kuno ku Angónia ndi jekete ndi mpango. Pezani malo musanalipire, apo ayi mphindi 50 zonse mudzangoyankha kuti eya ndi ayi.

Malangizo ena amaonetsa kuti ndi munthu wa mu mzinda. Anandiuza za jimu, za kupita ndi banja ku Songo kumapeto a sabata kukaona madzi. Kuno jimu kulibe, ndipo Songo ndi ulendo wa ndalama zambiri. Nditawauza anaseka nkupepesa, anafunsa kuti nanga chilipo ndi chiyani, ndinati dimba. Nde dimba langa la kabichi ndi anyezi linalowa pa ndandanda. Amamva ukawakonza, koma uyenera kukhala ndi mphamvu zowakonza, ndipo munthu wotopa zenizeni nthawi zina amangovomera kuti zithe.

Dziwaninso kuti iwo salemba mankhwala ndipo sapereka pepala loti upume ku ntchito. Ukafuna zimenezo uyenera kudutsa njira ya boma. Ndipo pano ndinene chilungamo, m'zipatala zathu za boma muli atekiniko a psikiyatriya ndi ma psicólogo ena, aulere, odziwa ntchito yawo, ine ndimawatumizira odwala sabata ndi sabata ndipo amathandizika. Chimene chinandiletsa kupita kwa iwo si kukayika luso lawo, koma ndi anzanga, timadya limodzi, timakwera galimoto imodzi popita ku supervizau, ndipo kukhala pa benchi ya pakhomo pawo odwala anga akundiona sindikanatha. Ngati inu mulibe vuto limenelo yambirani kumeneko, sungani 1,000 yanu. Ndipo ngati mwafika poganiza zodzipha, kapena simukudzuka nkomwe, simukudya, kapena mowa wafika poti manja amanjenjemera m'mawa, musadikire ora ya Loweruka pa WhatsApp, pitani kwa munthu maso ndi maso lero lomwe ndipo uzani wina wa kunyumba akuperekezeni. Psicóloga uja nayenso ananena zomwezi ulendo woyamba, anatenga nambala ya mkazi wanga ndi chilolezo changa kuti zikavuta adziwe woyimbira, ndipo zimenezo zinandipangitsa kuwakhulupirira.

Pa za chinsinsi sindinaonepo cholakwika. Salemba zambiri pa meseji, sajambula mawu, ndipo kolega amene anandipatsa nambala uja sanamvepo kalikonse za ine kuchokera kwa iwo, ndinachita kumufunsa. Tete ndi wamng'ono, a zaumoyo timadziwana tonse kuyambira ku sukulu, nde musachite manyazi kufunsa ulendo woyamba kuti zolemba zanu amazisunga kuti ndipo ndani angazione. Funsaninso za maphunziro awo, chifukwa pa intaneti pali anthu ambiri odzitcha alangizi amene sanaphunzire kalikonse, awa anandionetsa mapepala awo osakwiya.

Kodi ndachira? Tulo labwerera masiku ambiri, wodwala akamalankhula ndimamuyang'ana, ana anga ayambanso kundiuza nkhani za kusukulu. Kumapeto a mwezi malipoti akachuluka ndi pikete pamwamba mutu uja umabwerabe, ndipo tsiku limene mankhwala ofunika asowa m'farimasiya mkwiyo umakwera ngati kale, chifukwa zimenezo sizinasinthe ndipo foni singazisinthe. Panopa ndachepetsa, ndimalankhula nawo kamodzi pa mwezi, iwo ndi amene anayambitsa zochepetsazo, sanafune kundisunga ngati kasitomala wamuyaya.

Ndawapempha zinthu ziwiri, kuti aike mtengo wotsika wa anamwino ndi atekiniko, komanso kuti kamodzi pa miyezi ingapo azilowa pa foni m'kagulu kathu kaja kudzatitsogolera, ife tisonkherane ndalama. Chachiwirichi avomera, tiyamba mwezi wa mawa, ndipo tagwirizana kuti wofotokoza azilankhula Chichewa ine ndizimasulira. Ngati muli pa chipatala chapafupi ndipo mukufuna kulowa nawo, malo alipo a anthu awiri kapena atatu, kupitirira apo gulu limakula ndipo anthu amasiya kumasuka.